Kala-azar: nthenda yochizika imene ikupululabe amphawi

M'chaka cha 1988, madokotala a bungwe la Médecins Sans Frontières, lomwe ambiri amangoliti MSF, adayamba kulandira odwala odabwitsa m'misasa ya anthu othawa nkhondo kunja kwa mzinda wa Khartoum m'dziko la Sudan.

Odwalawo adali owonda mafupa okhaokha, thupi likutentha kwa milungu yambirimbiri, mimba itatupa makamaka mbali ya kumanzere. Mankhwala a malungo sankaphula kanthu. Akafunsidwa kumene achokera, ambiri ankatchula dera limodzi, Western Upper Nile, kummwera kwa dzikolo, ndipo ankanena kuti kumudzi anthu atha.

Atawayeza bwinobwino, zidadziwika kuti ndi kala-azar. Pofika nthawiyi n'kuti mliri utatha kale zaka zinayi ukusesa midzi ya Anuer ndi Adinka popanda wakunja aliyense kudziwa, poti nkhondo yapachiweniweni yomwe idabuka mu 1983 idali itatseka njira zonse.

Kafukufuku yemwe Dr Jill Seaman wa ku America ndi anzake adachita pambuyo pake adaonetsa kuti pakati pa 1984 ndi 1994, anthu pafupifupi 100,000 mwa anthu 280,000 a m'deralo adafa ndi nthendayi. Apa ndiye kuti pa anthu atatu alionse, mmodzi adapita. M'midzi ina mudatsala ng'ombe zongoyendayenda zopanda mbusa.

Chomvetsa chisoni n'chakuti mankhwala ochiza kala-azar adalipo kale padziko kwa zaka zoposa 40. Adangosowa njira yofikira kwa odwala. Dera lija tsopano lili m'dziko la South Sudan, lomwe lidaima palokha mu 2011, koma vuto loti mankhwala ali uku wodwala ali uko silidathe mpaka lero.

Kantchentche kosamveka kulira

Kala-azar ndi mtundu woopsa kwambiri wa matenda a leishmaniasis. Dzina lachizunguli lidachokera kwa William Leishman, dokotala wa asilikali a ku Britain, yemwe pamodzi ndi Charles Donovan wa ku Madras ku India, aliyense payekha, adafotokoza za tizilombo toyambitsa nthendayi mu 1903. Dzina loti kala-azar ndi la ku India komweko ndipo limatanthauza malungo akuda, chifukwa odwala ena kumeneko khungu limawada.

Pali mtundu wina wa leishmaniasis womwe umangoyambitsa zilonda pakhungu. Umenewu ndi wofala ku Afghanistan, Syria ndi Brazil, ndipo ngakhale umasiya zipsera zonyansa, kawirikawiri supha. Kala-azar ndiye alibe chisoni. Tizilombo take timakakhazikika m'kapamba, m'chiwindi ndi m'mafuta a m'mafupa. Kapamba amatupa mpaka kufika kumchombo, magazi amachepa, chitetezo cha m'thupi chimagwa, ndipo wodwala amatsirizidwa ndi chibayo, kutsegula m'mimba kapena kutaya magazi. Malinga ndi bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO, mwa anthu 100 odwala nthendayi amene salandira chithandizo, oposa 95 amamwalira.

Chomwe chimafalitsa si udzudzu ayi, koma kantchentche kotchedwa sandfly, kotalika mamilimita awiri kapena atatu basi. Kamene kamaluma ndi kakakazi, kuyambira chisisira mpaka mbandakucha, ndipo sikalira ngati udzudzu kuti munthu adzidzimuke n'kukaomba. Kuchepa kwakeko kumachititsa kuti kazitha kudutsa m'mabowo a neti wamba yemwe sadanyikidwe m'mankhwala.

Ku Sudan, South Sudan ndi kumpoto kwa Ethiopia, kantchentcheka kamakonda nkhalango za mitengo yaminga pa dothi lamakande, lija limang'aluka ming'alu ikuluikulu m'chilimwe. Ku Kenya ndi Uganda kamabisala m'maenje a zulu za chiswe. Choncho amene amalumidwa ndi mnyamata wogona kubusa pafupi ndi ng'ombe, mwana wosewera pachulu madzulo, mayi wokatola nkhuni, ndi waganyu wogona panja pamunda chifukwa m'nyumba mukutentha. Wogona m'nyumba ya malata ndi mawindo agalasi m'tauni nthendayi sadzaimva n'komwe.

A WHO akuti chaka chilichonse anthu pakati pa 50,000 ndi 90,000 amadwala kala-azar padziko lonse, koma amene amalembedwa m'mabuku a zipatala safika ngakhale theka. Mu 2022, mwa odwala 100 alionse amene adalembedwa, 73 adali a kumvuma kwa Africa, ndipo theka la iwo adali ana osafika zaka 15.

Ulendo wa kuchipatala

Munthu akalumidwa, pamatha miyezi iwiri mpaka isanu ndi umodzi, nthawi zina kuposerapo, asadayambe kumva kudwala. Ikayamba nthendayi imafanana kwambiri ndi malungo, ndipo apa ndi pamene nthawi yambiri imatayikira.

Mwana akatentha thupi, makolo amayamba ndi mapiritsi a kugolosale. Zikakanika amapita kuchipatala chaching'ono chapafupi, kumene amapatsidwa mankhwala a malungo, mwina kawiri kapena katatu, poti nthawi zina malungowo amakhala alipodi pamwamba pa kala-azar. Mimba ikayamba kukula, ena amathamangira kwa sing'anga, yemwe amatema mphini kapena kuotcha khungu pamene patupapo. Pofika poganiza zopita kuchipatala chachikulu, mwana amakhala atadwala miyezi, mbuzi zogulitsa zitatha.

Ndipo chipatala chodziwa kuchiza kala-azar sichipezeka paliponse. Kwa zaka zambiri, dziko lonse la Uganda lidadalira chipatala chimodzi cha Amudat, kumalire ndi Kenya, komwe Apokot a mbali zonse ziwiri za malirewo ankapita. Ku Kenya mayina odziwika ndi Kacheliba ku West Pokot ndi Kimalel ku Baringo. Ku South Sudan kudali Lankien ndi Old Fangak. Awa ndi madera a abusa oyendayenda ndi ziweto, kopanda misewu ya tala, komwe wodwala amanyamulidwa pamachira kapena pamsana masiku angapo.

Ku South Sudan nyengo nayo imachita ngati yapangana ndi nthendayi. Anthu amalumidwa kwambiri m'chilimwe, koma amayamba kudwala miyezi ingapo pambuyo pake, mvula itagwa, madambo atasefukira, njira zitasanduka matope ofika m'chiuno. Ofufuza a MSF atawerengera za zaka za 1999 mpaka 2002 kumeneko, adapeza kuti pa imfa 10 zilizonse za kala-azar, pafupifupi 9 zinkachitikira kumudzi, achipatala osadziwa.

Kuyeza nakonso kudali chipsinjo. Kale, kuti atsimikize, dokotala ankabaya kapamba ndi singano n'kutengako timadzi tokaunika pa makina oonera tizilombo. Njirayi ndi yodalirika, koma kapamba wa munthu wochepa magazi akabayidwa molakwika, wodwala atha kutaya magazi m'kati mpaka kufa, choncho imafuna katswiri ndiponso magazi oonjezera ali pafupi. Zinthu zidapepukako kutabwera kachipangizo kotchedwa rK39, kofanana ndi kaja amayezera malungo: kadontho ka magazi a pachala, mphindi zosapitirira 20, zotsatira zatuluka. Sikafuna magetsi ndipo wazaumoyo wa kumudzi atha kukagwiritsa ntchito. Vuto lake n'lakuti kumvuma kwa Africa kamaphonya odwala ena, kusiyana ndi ku India komwe sikalakwa kawirikawiri, motero amene kawakana koma zizindikiro zilipo amayenera kutumizidwanso kutali kukayezedwa mwa njira ina.

Jakisoni 34

Wodwala akafika n'kupezeka nayo, mavuto amakhala asadathe. Mankhwala akale kwambiri, omwe akhala akugwiritsidwa ntchito kuyambira m'zaka za m'ma 1940, ndi sodium stibogluconate, mwachidule SSG. Amapangidwa kuchokera ku mtundu wina wa chitsulo wotchedwa antimony, ndipo kunena zoona ndi poizoni amene amangopha tizilombo msanga kuposa mmene angaphere munthu. Walira mvula walira matope: SSG amachiza, koma amapweteka zedi pobaya, amatha kusokoneza kagundidwe ka mtima ndi kuononga ziwalo zina za m'mimba, ndipo odwala ena, makamaka okalamba ndi amene ali ndi kachilombo ka HIV, amafa ndi mankhwalawo.

Payekha, SSG amabayidwa tsiku ndi tsiku kwa masiku 30. Umu ndi mmene Dr Seaman ndi anzake adachizira anthu zikwizikwi ku Leer ndi ku Duar kuyambira mu 1989, odwala atandandalika pansi pa mitengo, obaya akuyenda kuchoka pa wina kupita pa wina kuyambira m'mawa.

Masiku 30 kwa munthu wapantchito ya pamwezi ndi tchuthi chodwala. Kwa mlimi kapena mbusa ndi nkhani ina. Mwana akagonekedwa, mayi ake amakhala pomwepo kumudikirira, kusiya ana ena, munda ndi ziweto. Chakudya cha wodikirira amadzipezera yekha. Ngakhale mankhwalawo aperekedwe ulere, banja limatuluka m'chipatala lili pa ngongole, ndipo ena akaona mwana wayamba kudya ndi kuseka pakatha milungu iwiri amathawa naye mankhwala asadathe, nthenda n'kudzabwereranso. Kuwadzudzula n'kosavuta kwa amene sadasiyepo mapira akucha m'munda mbalame zili pomwepo.

Kuchipatala nakonso, bedi limodzi likagwidwa mwezi wathunthu, nthawi ya mliri anthu amachuluka kuposa malo. N'chifukwa chake a MSF ku South Sudan adayamba kuphatikiza SSG ndi mankhwala ena otchedwa paromomycin kuti masiku achepe.

Mu 2003 kudabadwa bungwe la Drugs for Neglected Diseases initiative, mwachidule DNDi, lofufuza mankhwala a matenda amene makampani akuluakulu sawalabadira poti odwala ake alibe ndalama. Zina mwa ndalama zoyambira zidachokera ku mphotho ya Nobel yomwe MSF idalandira mu 1999, ndipo bungwe lofufuza za mankhwala la ku Kenya la KEMRI lidali m'gulu la oyambitsa. Chaka chomwecho ku Khartoum, akatswiri a ku Sudan, Ethiopia, Kenya ndi Uganda adapanga mgwirizano wa LEAP kuti aziyesa mankhwala m'zipatala za m'madera momwe muli nthendayi, osati kungolandira zoyesedwa kwina.

Zotsatira za ntchito yawo zidachititsa kuti mu 2010 a WHO avomereze SSG ndi paromomycin, kwa masiku 17, kukhala chithandizo choyamba kumvuma kwa Africa. Odwala oposa 90 pa 100 alionse amachira. Komabe tsiku lililonse wodwala amalandira jakisoni awiri, kutanthauza jakisoni 34, ndipo ambiri obayidwawo ndi ana owonda opanda ndi mnofu womwe woti singano ilowepo.

Chimene chidatheka ku Bangladesh

Anthu ena amafunsa chifukwa chake Africa ikutsalira pamene ku Asia nthendayi yagonja. Mu 2005, maiko a India, Bangladesh ndi Nepal adasainirana pangano lothana ndi kala-azar, ndipo mu October 2023 a WHO adalengeza kuti Bangladesh ndi dziko loyamba padziko lonse kuigonjetsa, moti m'maboma ake onse odwala adatsika kufika pochepera mmodzi pa anthu 10,000 kwa zaka zitatu zotsatizana.

Kumeneko zinthu zingapo zidawakomera. Kantchentche ka ku Asia kamakhala m'nyumba ndi m'makola, motero kupopera mankhwala m'zipupa kumathandiza. Kachipangizo ka rK39 kamagwira bwino. Koposa zonse, madokotala a ku Bihar ku India adaonetsa mu 2010 kuti mankhwala otchedwa AmBisome, akaperekedwa kamodzi kokha kudzera m'dilipi, amachiza pafupifupi odwala onse. Munthu amabwera m'mawa, mawa lake ali kwawo. Kampani ya Gilead, yomwe imapanga mankhwalawa, idayamba kuwapereka ulere kudzera ku WHO potsatira pangano la mu 2011, ndipo boma la Bihar lidafika popereka ndalama kwa odwala zolipira masiku amene sadagwire ntchito.

Atayesa dilipi imodzi yomweyo ku Sudan ndi Ethiopia, zidakanika. Tizilombo ta kumvuma kwa Africa ndi tolimba, timafuna AmBisome wambiri woperekedwa kangapo. Mankhwalawa ndi odula, amafuna namwino wodziwa kuika dilipi, ndiponso sayenera kusungidwa pamalo otentha kupitirira madigiri 25, chinthu chovuta kumadera kumene dzuwa limafika madigiri 40 ndipo magetsi kulibe. Choncho amasungidwira amayi oyembekezera, okalamba, odwalitsitsa ndi amene nthenda yawabwerera. Kupopera m'nyumba nako sikuthandiza kwenikweni poti kantchentche ka kuno ku Africa kamalumira panja.

Ku Ethiopia kuli vuto linanso. Chaka ndi chaka anyamata zikwi mazanamazana amatsika kumapiri kupita kuminda ikuluikulu ya chitowe ndi mapira ya ku Humera ndi Metema, kumalire ndi Sudan, kukagwira ganyu yopalira ndi kukolola. Amagona panja, matupi awo sadakumanepo ndi nthendayi, ndipo ambiri amayamba kudwala atabwerera kwawo kumene achipatala saidziwa. Umu ndi mmene idafikira ku Libo Kemkem, dera lakumtunda, komwe mliri wake udadziwika mu 2005 anthu atayamba aganiza kuti ndi malungo osamva mankhwala.

Pakati pa aganyuwa palinso ambiri omwe ali ndi HIV. Matenda awiriwa akakumana amathandizana kugwetsa chitetezo cha m'thupi, kala-azar amabwerera mobwerezabwereza, ndipo SSG amakhala woopsa kwambiri. Kafukufuku wa ku Gondar ndi Abdurafi ndiye adathandiza kuti mu 2022 a WHO alangize zophatikiza AmBisome ndi makapisozi a miltefosine kwa odwala oterewa.

Kufunafuna mankhwala akumwa

Miltefosine ndi mankhwala okhawo akumwa a kala-azar amene alipo. Adapangidwa poyamba ngati mankhwala a khansa ndipo dziko la India lidawavomereza mu 2002. Kuyambira mu 2017, a DNDi ndi anzawo adawayesa pamodzi ndi paromomycin ku Sudan, Ethiopia, Kenya ndi Uganda, ndipo zotsatira zomwe zidatuluka mu 2022 zidaonetsa kuti odwala 91 pa 100 alionse adachira, chimodzimodzi ndi njira yakale. Kusiyana kwake n'kwakuti masiku ndi 14, jakisoni ndi mmodzi patsiku, ndipo SSG uja palibepo. Kuchoka pa jakisoni 34 kufika pa 14 si nkhani yaing'ono kwa mwana wa zaka zisanu.

Koma miltefosine amaononga mwana wosabadwa, motero mayi kapena mtsikana wa msinkhu wobereka amayenera kukhala pa njira yolera pomwa mankhwalawa ndi miyezi ingapo pambuyo pake. M'madera momwe kulera ndi nkhani yovuta kuikamba, komanso mwamuna ndiye amalamula, ichi ndi chopinga chenicheni.

Chimene akatswiri akulakalaka ndi mapiritsi oti wodwala angolandira pachipatala chaching'ono n'kukamwera kunyumba. Amodzi mwa amene akuyesedwa ndi LXE408, omwe DNDi ikuyesa pamodzi ndi kampani ya Novartis ku India ndi ku Ethiopia.

Kuti zoterezi n'zotheka, umboni wake uli konkuno ku Malawi. Tizilombo ta kala-azar ndi pachibale ndi tija timayambitsa matenda a kaodzera, ofala ndi kashembe ku Rumphi ndi Nkhotakota. Kwa zaka zambiri odwala kaodzera wofika kuubongo ankabayidwa melarsoprol, mankhwala a poizoni wa arsenic omwe ankapha ena mwa odwalawo. Bungwe lomweli la DNDi lidayesa mapiritsi a fexinidazole pachipatala cha boma cha Rumphi ndi ku Lwala m'dziko la Uganda, ndipo mu December 2023 bungwe loona za mankhwala la maiko a ku Ulaya lidavomereza kuti mapiritsiwa ngothandiza pa kaodzera wa mtundu wa kuno.

Pangano ndi mfuti

Mu June 2024 ku Addis Ababa, a WHO ndi maiko asanu ndi anayi, omwe ndi Chad, Djibouti, Eritrea, Ethiopia, Kenya, Somalia, South Sudan, Sudan ndi Uganda, adakhazikitsa ndondomeko yothana ndi kala-azar. Akufuna kuti pofika 2030 odwala atsike kufika pochepera 1,500 pachaka m'chigawo chonsecho, ndiponso kuti odwala 90 pa 100 alionse azipezeka ndi kuyamba kulandira mankhwala pasadathe masiku 30 chiyambireni kudwala.

Mfundo yachiwiriyi ndiyo yagwira pamtima pa vutoli, koma ndiyonso yovuta. Imafuna azaumoyo a kumudzi ophunzitsidwa kukayikira kala-azar thupi likatentha kupitirira milungu iwiri, zipangizo zoyezera m'zipatala zing'onozing'ono, galimoto kapena bwato lonyamula odwala, chakudya cha wodwala ndi womudikirira, komanso mankhwala osadukiza. Pakali pano mankhwala ambiri a nthendayi amapangidwa ndi kampani imodziimodzi, moti fakitale ikangoima, zipatala za maiko angapo zimauma nthawi imodzi.

Palinso odwala amene achira koma pakapita miyezi amatuluka nsungu kumaso ndi m'thupi. Ku Sudan izi zimachitikira pafupifupi theka la ochira. Nsunguzi sizipweteka, choncho eni ake sabwerera kuchipatala, chonsecho muli tizilombo tomwe kantchentche kaja kamatenga n'kukapatsira ena.

Ndalama zoyendetsera ntchitoyi n'zochokera kunja, ndipo zimatha kuima tsiku lililonse. Mu 2021 boma la Britain lidadula thandizo lake la matenda onyalanyazidwa, zomwe zidathetsa msanga pulogalamu ya Ascend yomwe inkathandiza pa kala-azar m'maiko angapo a kumvuma kwa Africa.

Kenaka pali nkhondo, bwenzi lakale la nthendayi. Anthu akathawa kwawo amagona m'nkhalango zomwe muli kantchentche kaja, njala imafooketsa matupi awo, zipatala zimatsekedwa. Dziko la Sudan, lomwe dera lake la Gedaref ndi limodzi mwa malo okhala ndi odwala kala-azar ambiri padziko lonse, lidalowanso m'nkhondo mu April 2023. Ku South Sudan, pa 3 May 2025, ndege zankhondo zidaphulitsa chipatala cha MSF ku Old Fangak, tauni yomwe Dr Seaman adachizirako odwala kala-azar kwa zaka zambiri. Anthu osachepera asanu ndi awiri adafa pachiwembucho, ndipo nyumba yosungiramo mankhwala idapsa yonse ndi zonse zomwe zidali m'katimo.